Liwombo likalowa, mwana ali ndi ludzu

Pali chizolowezi pakati pathu chimene ndachipenya nthawi yaitali ndi mtima wowawa, ndipo lero sindichipsatira mawu. Khanda likatsegula m'mimba masiku awiri, maso n'kulowa m'kati, liwombo n'kubonyoka, azigogo athu, amene ndimawalemekeza pa zina zonse, amathamangira kusinja mizu yoti amate pamutu, ena n'kumati ndi mano akumera, ena n'kuletsa mayi kumwetsa mwanayo poopa kuti madzi awonjezera kutsegulako. Komatu liwombo si nthenda ayi, ndi mboni chabe yakuti madzi aphwa m'thupi, monga chiphwera chitsime m'chilimwe.

Mankhwala ake tonse tiwadziwa, koma tiwapeputsa chifukwa ndi otsika mtengo. Tafanana ndi Namani, kazembe wa Aramu uja, amene anapsa mtima pamene Elisa anamuuza kuti akangosamba kasanu ndi kawiri mu Yordano, pakuti iye anayembekezera chozizwitsa choyenera ulemerero wake. Ifenso tifuna jakisoni, tifuna diripi, tifuna makapisozi a pagolosale. Wazaumoyo akatipatsa kapaketi ka Thanzi, ka mchere ndi shuga zosungunula m'madzi, tibwerera kwathu tikung'ung'udza kuti sanatithandize. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. M'chaka cha 1971, pamene kolera inagwa pakati pa othawa nkhondo ya ku Bangladesh, madzi a diripi atatha mumsasa wa ku Bangaon, Dr Dilip Mahalanabis anamwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga omwewa, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Chinsinsi chake n'chakuti shuga amatengana ndi mchere polowa m'matumbo, madzi n'kuwatsata pambuyo, ngakhale m'mimba muli chipwirikiti.

Paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, osachepetsa madziwo poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu, pakuti mchere ukachuluka uvulaza mwana. Pamene paketi palibe, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi zigwira ntchito. Mayi amwetse pang'onopang'ono, mwana akasanza adikire mphindi 10 n'kuyambanso, bere asamumane, phala asamuletse, ndipo mapiritsi a zinki amwe masiku 10 mpaka 14. Madzi a mchere ndi shuga otsala akagona tsiku lathunthu, atayidwe.

Mlandu wina ndiuika pa abambo, amene pa nthawi yotereyi amakhala pabwalo kudikira kuti amayi agwirizane chochita. Mwana akafooka osatha kumwa, akamasanza chilichonse, kapena m'chimbudzi chake mukaoneka magazi, imeneyo si nthawi yoitana ankhoswe kapena yodikira kunja kuche. Bambo atulutse njinga, mayi abereke mwana, ndipo botolo la Thanzi likhale m'manja kuti mwanayo, ngati akutha kumwa, azimwa m'njira yonse ya kuchipatala.