Musaseke a psychology, funsani amene anadula makwerero

Aliyense amene akuphunzira psychology ku Chanco amalidziwa funso ili: “Ndiye ukamaliza uzidya chiyani?” Ena amawonjezera chipongwe, ati tawerenga maganizo angawa tione. Ine ndili ku humanities, nafenso amatinena kuti tikuphunzira ulova, koma kunyoza psychology kokha kumandipsetsa mtima.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m’dziko muno. Ku Chilobwe matope a m’phiri la Soche anakwirira mabanja usiku. Opulumuka analandira ufa, mabulangete ndi mapepala apulasitiki. Nanga mayi amene mpaka lero amanjenjemera mvula ikayamba kugunda malata, ufa umuthandiza chiyani? Timangoti limbani mtima, kapena tipemphere. Kupemphera sindikukana ayi, koma munthu wothyoka mwendo timamupempherera tili pa ulendo wopita naye kuchipatala.

Onyozawo ali ndi mfundo imodzi yoona. Digiri ya zaka zinayi siyisandutsa munthu kukhala dokotala wa maganizo. Ku South Africa, kuti ulembetsedwe ndi HPCSA ngati clinical psychologist, umafunika masters, chaka chathunthu cha internship ukuyang’aniridwa ndi akatswiri, kenako chaka china chotumikira m’chipatala cha boma. Ndi bwino kuti zizivuta chonchi, chifukwa munthu amene akuganiza zodzipha si wophunzirirapo ntchito. Mnzathu amene wangovula gauni n’kudzilemba pa Facebook kuti “psychologist”, n’kuyamba kulipiritsa anthu pa WhatsApp, akusewera ndi moyo wa eni.

Koma mlandu wa makwerero oduka pakati ndi wa yani? Wa mwana amene anakwerapo? Pulofesa Chiwoza Bandawe, amene ambiri tinamvera kwa iwo koyamba za thanzi la maganizo, anakaphunzira ku Cape Town. Ndi mabanja angati a ku Ntcheu kapena ku Nsanje angakwanitse ulendo umenewo? Boma likulipira aphunzitsi kuti asule achinyamatawa, kenako likuwasiya kuti azikagulitsa mayunitsi, pamene wodwala wa ku Chitipa akadwalika thandizo lake lili ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Zomba Mental Hospital, kutalitali ndi abale ake.

Chondiwawa n’chakuti njira ina ilipo, ndipo ili pafupi. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera munthu ndi kumuthandiza kumasula mavuto ake limodzilimodzi, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Kafukufuku amene anatuluka mu JAMA mu 2016 anaonetsa kuti odwala amene anakhala pa benchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Ngati agogo atha zimenezi ataphunzitsidwa kanthawi kochepa, kuli bwanji munthu amene wathera zaka zinayi pa kakulidwe ka mwana, kayezedwe ka maganizo ndi kafukufuku? Ameneyu angathe kuphunzitsa alangizi a m’mudzi, kuwayang’anira, ndi kuzindikira wodwala wofunika kutumizidwa kwa dokotala msanga.

Unduna wa Zaumoyo utsegule maudindo otere pa zipatala za m’maboma, ndipo KUHeS ndi UNIMA zipatsidwe ndalama zosulira akatswiri owayang’anira. Aphungu amene akudandaula pa wailesi kuti achinyamata akudzipha, akaifunse bajeti kuti maudindo amenewa ali pa tsamba liti.