Kwa Mkhumba olankhula alipo, chosowa ndi mpata

Pamaliro a kwa Mkhumba ku Phalombe sipasowa wolankhula. Mwini mbumba amaimirira wopanda pepala m'manja, n'kulongosola matenda kuyambira tsiku limene malemu anayamba kudandaula mutu mpaka pamene anatsirizika, khamu lonse lili zii. Ankhoswe nawo amaizungulira nkhani yovuta mpaka mbali zonse zitamvana. Koma anthu omwewa akaitanidwa ku msonkhano wa chitukuko, galimoto ya kwa DC itaima pansi pa mtengo, lilime limalemera. Amayi amakhala cha uko, achinyamata kumbuyo, ndipo gawo lawo limathera pa kuwomba m'manja.

Chaka cha 1998, chomwe Phalombe inapatuka ku Mulanje n'kukhala boma palokha, ndi chomwenso dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono. Mfundo yake inali yoti chitukuko chiziyambira kumudzi, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera (ADC), kenako kukhonsolo. Dongosolo lotere limadalira pakamwa. Mudzi umene nthumwi yake imachita manyazi umangoona mjigo ukukumbidwa kwa anzawo. Chodabwitsa n'chakuti kuno n'kwa chikamwini, kumene munda ndi mudzi zimatsata mayi, koma eni nthakawo ndiwo samveka mawu.

Ena amati ndi chibadwa. Ayi ndithu, manthawa amachita kuphunzitsidwa. Kusukulu mtsutso umachitika m'Chingerezi, ndipo mwana akaphonya liwu limodzi kalasi yonse imafa nacho chiseko. Malamulo a dziko nawonso amafuna kuti phungu azidziwa Chingerezi chokwanira kutsata zokambirana ku Nyumba ya Malamulo. Mwana amakula akuganiza kuti wodziwa kulankhula ndi wa Chingerezi basi, Chichewa ndi Chilomwe chake n'zapakhomo.

Ku Phalombe nkhaniyi imakhudza moyo weniweni. Napolo wa mu Marichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu ambiri, ndipo namondwe wa Freddy anabwerezanso mu Marichi 2023. Makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amafuna munthu woti akaima n'kunena kuti "tiyeni tisamuke," anthu anyamuke. Kumisasa ya anthu othawa ngozizi nako, amene amatha kufunsa chifukwa chimene dzina lake lasowera pa mndandanda wa ufa ndi amene amathandizidwa msanga.

Pophunzirira palipo kale. Mayi amene amawerenga masheya ndi ngongole za banki m'khonde sabata ndi sabata pamaso pa anzake sanjenjemera, chifukwa nkhaniyo amaidziwa mpaka tambala yomaliza. Kulimba mtima kumachokera pamenepo. Wopita ku ADC atanyamula chiwerengero cha mabanja omwe amamwa pachitsime chimodzi, ndi mtunda umene amayenda, safunikira mawu okuluwika. Magulu ngati a banki m'khonde azisinthana wotsogolera zokambirana, osangosiyira apampando tsiku lililonse.

Aphunzitsi a m'dera la Mkhumba ayambitse mitsutso ya m'Chichewa ndi Chilomwe pambali pa ya Chingerezi, pa nkhani zomwe ana amaziona, monga mitengo ya nandolo. Ndipo inu mafumu, nyakwawa ndi magulupu, pa msonkhano ukubwerawu itanani mayi mmodzi ndi wachinyamata mmodzi alankhule alendo asanayambe, ndipo musawadule asanamalize.