Tisathamangire kudzizondotsa pofuna kuchiza msana

Alimi ambiri a fodya ku Bolero, Hewe ndi m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi amadandaula msana. Kuwerama ndi khasu, kusoka fodya m'chigafa, kunyamula mabelo, zonsezi zimathera pamsana. Amayi osenza nkhuni m'mapiri a Phoka ndi abambo okumba malasha ku Mchenga nawo akudziwa ululu womwewu.

Nchifukwa chake sindikudabwa munthu akakopeka ndi tebulo lozondotsa limene amalonda amalitsatsa pa intaneti, ndipo lingathe kutifika ndi abale a ku Joni. Munthu amagona patebulopo, nkumanga akakolo, kenako limapendekeka mpaka mutu kuloza pansi. Ati thupi likalendewera chotero mafupa a msana amatalikirana pang'ono ndipo mitsempha yopanikizika imapuma.

Nzeruyi si yatsopano. Sing'anga wa ku Greece, Hippocrates, analemba za njira yomangirira odwala pamakwerero mutu uli pansi zaka zoposa 2,000 zapitazo. Ena amamvadi bwino akatsikapo, koma mukangoimirira thupi limayambanso kulemera pamsana monga kale.

Akatswiri anaunika kale njira zokoka msana. Mu 2016, bungwe lolangiza zipatala za ku England la NICE linati odwala msana asamapatsidwe chithandizo chotere. Mu 2023, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenanso zomwezo pa msana wopweteka nthawi yaitali, ndipo linalimbikitsa mafizo ndi kuphunzitsa wodwala kudzisamalira.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi BP. Mutu ukaloza pansi, BP imakwera ndipo mphamvu ya madzi a m'maso imakweranso. Nchifukwa chake tebuloli ndi loletsedwa kwa odwala BP, mtima, matenda a maso a glaucoma ndi chophukacho, amayi oyembekezera komanso okalamba amene mafupa awo anafooka. Tsono kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa nkomwe. Ndani angayeze agogo asanakwere tebuloli kumudzi? Nanga akachita chizungulire ali chozondoka, ana onse ali kudimba, awamasula ndani?

Chinanso, si msana uliwonse umene umapweteka chifukwa cha ntchito. Chifuwa chachikulu cha TB chimatha kulowa m'mafupa a msana nkuwadya, ndipo munthu akachedwa amatha kufa miyendo. Ngati msana ukupweteka pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda ndi thukuta la usiku, pitani kuchipatala. Ngati miyendo yachita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka zokha, pitani tsiku lomwelo. Chipatala chachikulu cha Rumphi chilipo, cha David Gordon ku Livingstonia chilipo, ndipo zikavuta amatumiza ku Mzuzu Central.

Ena anena kuti kuchipatala amangopereka panado ndipo a mafizo ndi ochepa. Dandauloli ndi lomveka, ndipo boma likuyenera kufikitsa akatswiriwa kuzipatala zing'onozing'ono za m'midzi. Koma kuchepa kwawo sikusandutsa tebulo kukhala dokotala.

Nkhani yabwino ndi yakuti msana wa ntchito nthawi zambiri umayamba kupola pakangotha masabata ochepa. Osagona tsiku lonse, yendani pang'onopang'ono. Thowani ndi nsalu yofunda. Ponyamula thumba la feteleza pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, ndipo belo la fodya muzinyamula awiri. Polima muziweramuka pafupipafupi.

Mwana wanu wa ku Joni akafunsa chokutumizirani, muuzeni kuti wilibala kapena kamakina koyezera BP zingathandize banja lonse. Ngati mtima uli patebulo basi, yambani mwayezetsa BP ndi maso, mufunse dokotala. Paja safunsa anadya phula.