Sukulu za mkombaphala: yambani mwasuzumira mumphika

Akuluakulu akamayendera sukulu za mkombaphala kumudzi amakonda kuyang'ana makoma. Akapeza nyumba yamalata yopaka utoto, pakhoma atajambulapo njovu ndi A B C, amati iyi ndiye sukulu. Akapeza ana pansi pa mtengo wa mango kapena m'katchalitchi kofolera ndi udzu, amangopukusa mitu. Galimoto ikatembenuka, lipoti latha. Ife tikuti kuyerekeza kotereku kukubisa nkhani yeniyeni.

Kodi mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitagona, sukulu yokongolayo imatsegula?

Cha m'ma 2011 ofufuza a World Bank pamodzi ndi boma adapita ku Balaka, Dedza, Thyolo ndi Nkhata Bay atanyamula mndandanda wa sukulu zoterezi. Adapeza pafupifupi theka zili zotseka, chonsecho papepala zinalipo ndithu. Chifukwa chachikulu chinali chakudya. Phala likasowa ana sabwera, ndipo ana akapanda kubwera mlezi amatola khasu n'kupita kuganyu. Timudzudzule? Nayenso ali ndi ake omulirira kunyumba.

Gwero la vutoli silobisika. Sukuluzi, zimene a boma amazitchula kuti ma CBCC, zidayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo zidachuluka m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi idasiya ana amasiye mudzi uliwonse. Kuyambira pamenepo dongosolo lake ndi lomweli: anthu a m'mudzi aumbe njerwa, asonkhe chimanga, soya, mtedza ndi nkhuni, asankhenso mlezi. Alezi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka. Boma lidalemba ndondomeko ya maleredwe a ana aang'ono mu 2003, n'kuikonzanso mu 2017, ndipo ofesi ya Social Welfare ya paboma lililonse ndiyo imayenera kuziyang'anira. Koma ndondomeko sathira mumphika, abale.

Ndiye mukayerekeza sukulu ziwiri za m'boma limodzi, kwenikweni mukuyerekeza nkhokwe za midzi iwiri. Mudzi wa pafupi ndi msewu, kumene bungwe lina lidamangako nyumba n'kumabweretsa Likuni Phala, ana amaimba ndi kuwerenga chaka chonse. Mudzi wa kuseri kwa phiri, kumene mvula idadula chimanga chili m'mawondo, sukulu imatseka mwezi umene mwana akufunitsitsa phalalo. Amene ali nazo kale ndi amene akuwonjezeredwa. Izi zikuchitika m'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kwa ana otere, kapu ya phala ya m'mawa si nkhani yamasewera.

Wina anena kuti boma lilibe ndalama zodyetsera mwana aliyense. Chabwino. Koma taonani zimene zidachitika ku Zomba mu 2015 ndi 2016, nthawi ya njala yoopsa. M'kafukufuku wa sukulu 60 amene adachita a Save the Children ndi a IFPRI, midzi ina idalandira mbewu ndi uphungu wa ulimi, makolo n'kuphunzitsidwa kuphika zakudya zakasinthasintha. Ana a m'midzi imeneyo adayamba kudya bwinoko, ndipo ngakhale ang'ono awo otsala kunyumba, amene anali asanayambe sukulu, adapindula pa kakulidwe. Mbewu ndi dimba basi, popanda nyumba yosanja.

Nkhani ya alezi ndiyo yovutirapo, ndipo tisanamizane. M'maboma anayi aja, sukulu 199 zidalowa m'kafukufuku wina. Zonse zidalandira zoseweretsa ndi zophunzitsira. Kwina alezi adaphunzitsidwa ntchito, kwinanso adawonjezerapo misonkhano yophunzitsa makolo. Patatha miyezi 18, ana amene adaoneka kuti atsogola pa kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi a kumene mlezi ndi kholo onse adaphunzitsidwa. Patatha miyezi 36, kusiyana kuja kudazimiririka. Otsutsa angagwire pamenepa n'kumati mwaona, n'kutaya ndalama. Ife tikuona mwina. Mwanayo pa nthawiyo wachoka m'manja mwa mlezi, wakalowa Sitandade 1 kumene mphunzitsi mmodzi nthawi zina amalimbana ndi ana oposa 100. Chiyambire sukulu yaulere mu 1994, makalasi oyambirira sadapumepo. Mbande yabwino ukaiwokera pathanthwe, cholakwa si cha nazale.

Tsono ngati a DC, makhansala ndi aphungu athu akufunadi kudziwa sukulu zimene zikuchita bwino m'maboma mwawo, apite mu Febuluwale, osalengeza, osatumiza uthenga kwa amfumu kuti asese pabwalo. Afunse kuti mwezi uno sukulu yatsegula masiku angati, ndipo phala laphikidwa kangati. Afunse kuti mlezi wakhalapo zaka zingati, adaphunzitsidwa liti, nanga amalandira kanthu? Aonenso chimbudzi ndi kumene ana amamwa madzi. Zimene apezezo azimate pa ofesi ya DC ndi pabwalo la a T/A, kuti makolo a mudzi uno aone okha mmene anzawo a tsidya lija zikuwayendera, afunse chifukwa chake.

Ndipo aphungu, inu amene thumba la CDF linkadutsa pamaso panu: pa mikombaphala imene mudadulira riboni m'dera lanu, ndi ingati imene utsi udafuka kukhitchini m'mawa uno?