Wolima Dimba Wosaoneka: Funso la Antony Flew Likadali Moyo

M'chaka cha 1950 Antony Flew, mnyamata wa zaka 27 wa ku Oxford yemwenso anali mwana wa m'busa wa mpingo wa Methodist, analemba kankhani ka masamba ochepa kotchedwa Theology and Falsification. Mpaka lero ambiri ophunzira filosofi ya chipembedzo m'mayunivesite a ku Britain ndi ku America amakumana nako. Pamtima pa kankhaniko panali fanizo limene Flew anabwereka kwa John Wisdom wa ku Cambridge n'kulinola mwa njira yake.

Anthu awiri akudutsa m'nkhalango ndipo apeza malo oyera pomwe pamera maluwa osakanikirana ndi udzu. Wina akuti pali munthu amene amalima pamenepa, mnzake akukana. Amanga msasa n'kudikirira, osaona aliyense. Atchinga malowo ndi waya waminga wamagetsi, abweretsanso agalu onunkhiza. Waya sakugwedezeka, agalu ali chete. Wokhulupirira uja sakugonja: akuti wolimayo saoneka, sakhudzika, alibe fungo, ndipo magetsi samugwira. Mnzake akufunsa kuti wolima wotereyu akusiyana pati ndi wolima amene kulibe.

Flew sanaime pa maluwa. Anatchula mwana amene akumwalira ndi khansa ya pakhosi, bambo ake akuthamanga uku ndi uku kufuna thandizo, pomwe Atate wakumwamba sakuonetsa chizindikiro chilichonse. Tikafunsa, timauzidwa kuti chikondi cha Mulungu sichili ngati cha anthu, kapena kuti n'chozama kuposa nzeru zathu. Apa Flew sankatsutsa kuti Mulungu aliko. Ankanena chinthu chowawa kuposa pamenepo: kuti mawu akuti "Mulungu amatikonda" akhoza kumaphwa pang'onopang'ono tikamaunjika "koma" pamwamba pa "koma," mpaka atatsala opanda kanthu mkati. Munthu akati mvula ikugwa, wakana kuti kunja kuli ng'amba. Chiganizo chosakana kanthu sichinenanso kanthu. Ndiye anafunsa okhulupirira kuti anene chimene chitachitika angavomere kuti chatsutsa chikondi cha Mulungu.

Funsoli linali ndi makolo ake. Ku Vienna, m'zaka za m'ma 1920, gulu la Moritz Schlick ndi Rudolf Carnap linkaphunzitsa kuti chiganizo chili ndi tanthauzo ngati chili cha masamu ndi malamulo a kaganizidwe, kapena ngati pali njira yochitsimikizira ndi zimene timaona ndi kuyeza. A. J. Ayer anatengera chiphunzitsochi ku England m'buku lake la 1936, Language, Truth and Logic, ndipo sanakondere: kwa iye wonena kuti Mulungu aliko ndi wonena kuti kulibe onse ankangotulutsa phokoso. Koma lamuloli linadzidya lokha. Ilo si masamu, ndipo palibe chipangizo chimene chingaliyeze. Linkatayanso malamulo a sayansi yeniyeniyo, pakuti palibe amene angayese zitsulo zonse za m'chilengedwe kuti atsimikize kuti chitsulo chikatenthedwa chimafutukuka. Ayer mwini wake, atakula, anavomera pa wailesi yakanema ya BBC kuti zambiri za m'chiphunzitsocho zinali zolakwika.

N'chifukwa chake Flew anatsamira pa Karl Popper, yemwe mu 1934 anati chizindikiro cha sayansi si kutsimikizika, koma kuthekera kotsutsidwa ndi zimene zapezeka. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachilumpha apa. Popper ankasiyanitsa sayansi ndi zimene si sayansi. Sankasiyanitsa mawu atanthauzo ndi opanda tanthauzo. Flew anatenga muyezo wa ntchito ina n'kuugwiritsa pa ntchito ina, ndipo apa m'pamene mfundo yake imatsimphina.

Imatsimphinanso chifukwa sayansi siyenda monga fanizo lija likufunira. Pierre Duhem mu 1906, kenako W. V. O. Quine mu 1951, anaonetsa kuti palibe ganizo limene limayesedwa lili lokha. Limayesedwa pamodzi ndi maganizo ena ambiri, ndipo zinthu zikapanda kuyenda monga tinkayembekezera, timasankha tokha pomwe tiike mlandu. Pulaneti ya Uranus itapezeka kuti sikuyenda monga malamulo a Newton ankanenera, akatswiri sanataye Newton. Urbain Le Verrier anati payenera kukhala pulaneti ina yosadziwika imene ikuikoka. Wokhulupirira akamva nkhaniyi ali ndi ufulu wofunsa: ngati katswiri wa zakuthambo aloledwa kuteteza chiphunzitso chake potchula chinthu chimene palibe wachiona, ine ndalakwa chiyani?

Funso limeneli ndi labwino, koma nkhani ya Uranus ili ndi mathero ake. Le Verrier anawerengera malo pomwe pulanetiyo iyenera kupezeka, n'kulembera kalata Johann Galle wa ku Berlin. Usiku wa pa 23 September 1846 Galle analoza telesikopu pamalopo ndipo anapeza Neptune, pafupi kwambiri ndi pomwe anauzidwa. Mu 1859 Le Verrier yemweyo anayesanso njira yomweyo pa Mercury, nanena kuti pali pulaneti ina pafupi ndi dzuwa, imene inapatsidwa dzina lakuti Vulcan. Anthu anaisaka zaka zambiri osaipeza, mpaka mu 1915 Einstein anafotokoza kayendedwe ka Mercury ndi chiphunzitso chatsopano, ndipo apo m'pamene Newton anachepa mphamvu. Imre Lakatos anaona bwino kusiyana kwake: pali kuteteza ganizo kumene kumabala ulosi watsopano woti tikauyese, ndipo pali kuteteza kongotseka pomwe pabooka. Le Verrier anauza anthu koyang'ana. Wokhulupirira wolima wosaoneka uja sanauze mnzake koyang'ana kulikonse.

Okhulupirira anayankha Flew mosiyanasiyana. R. M. Hare anavomera kuti chikhulupiriro sichiyesedwa ndi umboni, nati ndi kaonedwe kamene munthu amaonera zinthu zonse. John Hick anati chidzatsimikizika tikadzafa, ngati chili choona. Yankho lokopa kwambiri linachokera kwa otsatira a Ludwig Wittgenstein, makamaka D. Z. Phillips wa ku Swansea. Iwo ankati tanthauzo la mawu limapezeka m'mene anthu amawagwiritsira ntchito pa moyo wawo. Wopemphera sakupikisana ndi dokotala. Akupereka mantha ake, kuyamika kwake ndi kulapa kwake. Kumufunsa umboni wa m'labotale n'kusamva chimene akuchita.

Muli choonadi m'mawu amenewa, ndipo amene amanyoza pemphero asanakhalepo pamaliro n'kumva nyimbo za usiku ayenera kuwalingalira. Komabe yankholi limapulumutsa chipembedzo pochilanda chimene eni ake amachitenga kukhala chenicheni. Mayi amene wagwada pambali pa bedi la mwana wake m'chipatala sakungofotokoza za mumtima mwake. Akukhulupirira kuti alipo wina amene akumva ndipo akhoza kuchitapo kanthu. Mukhristu akati Yesu anauka kwa akufa, kapena Msilamu akati kudzakhala tsiku la chiweruzo, akunena zinthu zimene akuti zinachitika kapena zidzachitika ndithu. Kuwauza kuti sakutanthauza zimenezo si ulemu.

Ndipo pomwe chipembedzo chanena za zinthu zoyezeka, chalowa m'bwalo la umboni, chifune chisafune. Mu 2006 Herbert Benson ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 1,802 ochitidwa opaleshoni ya mtima m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku America. Mwa amene anapemphereredwa osadziwa, 52 pa 100 alionse anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni; mwa amene sanapemphereredwe, 51; mwa amene anauzidwa kuti akupemphereredwa, 59. Okhulupirira ambiri anayankha kuti Mulungu si mankhwala oti muyese mlingo wake, ndipo yankho limeneli ndi lomveka. Koma amene walipereka asadzaimenso pa guwa n'kumawerenga ochira ngati umboni, osawerenga amene sanachire. Kuno kwathu nkhaniyi si ya m'kalasi. Mneneri akauza munthu kuti wachiritsidwa ndipo asiye kumwa ma ARV, wanena chinthu chimene makina oyezera kuchuluka kwa kachilombo m'magazi akhoza kuchitsutsa, ndipo wodwalayo ndiye amalipira zikakhala zabodza.

Mwa onse amene anayankha Flew, amene ndimamuona kuti anafika pafupi ndi choona ndi Basil Mitchell. Iye anafanizira wokhulupirira ndi munthu wa gulu lomenyera ufulu m'dziko lolandidwa ndi adani, yemwe usiku wina akumana ndi mlendo womuuza kuti ali kumbali yawo. Pambuyo pake mlendoyo nthawi zina amaoneka akuthandiza gululo, nthawi zina amaoneka atavala yunifolomu ya apolisi akupereka anzawo kwa adani. Munthu uja akupitiriza kumukhulupirira chifukwa cha zimene anaona mwa iye usiku umene uja, koma sakunena kuti zoipazo zilibe kanthu. Akuvomera kuti zikutsutsana ndi chikhulupiriro chake, zikumuvutitsa, ndipo sangathe kuneneratu tsiku limene kukhulupirira kudzasanduke uchitsiru. Chikhulupiriro chotere chimanena kanthu, chifukwa chimamva kuwawa kwa umboni wotsutsa. Timakhulupirira anzathu a m'banja mwa njira yomweyi, ndipo palibe amene amati mawu athu alibe tanthauzo.

Flew anabweza mwamphamvu. Mlendo uja ndi munthu, ali ndi malire, akhoza kukakamizika. Mulungu wamphamvu zonse ndi wodziwa zonse alibe chowiringula chotere. Pamenepa mkangano unachoka pa tanthauzo la mawu n'kupita pa kulemera kwa umboni, ndipo ndi pomwe uli lero. J. L. Mackie mu 1955 anati Mulungu wabwino ndi wamphamvu zonse sangakhalepo pamodzi ndi zoipa. Alvin Plantinga mu 1974 anayankha ndi mfundo ya ufulu wosankha, ndipo ambiri, ngakhale osakhulupirira, anavomera kuti wachotsa kutsutsana kwenikweniko. William Rowe mu 1979 anabwera ndi kamwana ka gwape kopsa ndi moto wa m'nkhalango, kakuvutika masiku angapo kasanafe, popanda wopindula nako. Aliyense amene anaona zimene matope a namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023 akudziwa kuti ufulu wosankha sufotokoza imfa zonse. Stephen Wykstra mu 1984 anayankha Rowe kuti ife, ndi nzeru zathu zochepa, sitingayembekezere kuona zifukwa zonse za Mulungu. Zimenezi zikhoza kukhala zoona, koma zili ndi mtengo wake: ngati sitingathe kuweruza kuti choipa chilibe cholinga, n'chifukwa chiyani tikuthamangira kuweruza kuti chabwino ndi umboni wa chikondi?

Flew mwini wake analengeza mu 2004 kuti wayamba kukhulupirira kuti kuli Mlengi, ngakhale sanavomere Mulungu wolowerera m'moyo wa anthu, kapena moyo wa pambuyo pa imfa. Mkangano sunathere pamenepo. Pa kafukufuku wa 2009 wa David Bourget ndi David Chalmers, pafupifupi 73 pa akatswiri a filosofi 100 alionse anapendekera kwa osakhulupirira Mulungu, pomwe ambiri mwa amene ntchito yawo ndi filosofi ya chipembedzo anali okhulupirira. Palibe mbali imene ikunenanso kuti inzake ikungotulutsa phokoso.

Chimene sichinkayembekezeka n'chakuti funso la Flew lalowa m'nyumba ya sayansi. Akatswiri a fizikisi apeza kuti manambala ena a m'chilengedwe akanasintha pang'ono chabe, nyenyezi ndi moyo sizikanakhalapo. Richard Swinburne ndi anzake amati umenewu ndi umboni wa Mlengi. Ena amati kuli zilengedwe zosawerengeka, chilichonse ndi manambala ake, ndipo ife tangopezeka m'chimene chikutilola kukhalamo. Koma zilengedwe zinazo palibe telesikopu imene ingazione. Mu 2014 Sean Carroll, wosakhulupirira Mulungu, analemba kuti muyezo wa Popper wakalamba ndipo upume. Mu December chaka chomwecho George Ellis wa ku Cape Town, yemwe ndi wa mpingo wa Quaker, pamodzi ndi Joe Silk, analemba m'magazini ya Nature kuti chiphunzitso chosayeseka chisatchedwe sayansi, ngakhale masamu ake akongole bwanji.

Carroll ali ndi mfundo: zilengedwe zambirizo sizinangopekedwa kuti zitseke dzenje, zimatuluka m'chiphunzitso cha kufutukuka kwadzidzidzi kwa chilengedwe pachiyambi, chomwe mbali zake zina zayesedwa ndi kuwala kotsala kuchokera nthawi imeneyo. Ichi n'chimene chimazisiyanitsa ndi kungowonjezera "koma." Komabe ndikuona kuti Ellis sakulakwa kuumirira kuti mbali yoyesedwa ndi mbali yosayesedwa zisasakanizidwe pouza anthu zimene sayansi yapeza. Wafizikisi amene akupempha kuti timukhulupirire pa zinthu zosaoneka chifukwa chiphunzitso chake chinanena zoona pa zinthu zina, waima pomwe anaima munthu wa Mitchell uja, ndipo ayenera kunena poyera kuti ndi chiyani chimene chikapezeka m'kuwala kumeneko chingamubweze m'mbuyo.