MANYOWA NDIWO ACHIRITSA NTHAKA YA M'MUNDA WA ZIPATSO

Ife a kuno ku Mwanza tidziwika ndi manachesi, koma ambiri tikudandaula kuti mitengo yathu ikufota m'chilimwe ndipo zipatso zikuchepa msinkhu. Ena akuti mankhwala ake ndi thumba la fetereza. Ine nditi iyayi, nthenda ili m'nthaka.

Pitani pansi pa mtengo wanu mukakumbe. Chifukwa cha kupalira chaka ndi chaka ndi kutentha zinyalala posaka mbewa, dothi lauma gwa ngati njerwa. Mvula ikagwa madzi salowa, athamangira kumtsinje atasenza dothi lathu. Chonsecho mizu yambiri yodyera ya nachesi ili pamwamba, yosapitirira masentimita 60 kuya kwake. Nanga idzamwa chiyani mu Okutobala?

Fetereza ndi chakudya cha mtengo, sitikana, koma safewetsa nthaka. Manyowa akawola amata timibulu ta dothi pamodzi, nasiya timipata molowa madzi ndi mpweya. Nyongolotsi zibwera ndi kuboola njira zawo. Dothi la mchenga liyamba kusunga chinyezi, la makande limasuka.

Wokayika ayese yekha. Tengani chibuma cha m'munda wotopa ndi china cha pakhola lakale, muziumitse, muziike m'mbale ya madzi. Choyamba chisungunuka msanga, chachiwiri chikhalabe chogwirana. Ndi mmenenso zichitira pa mvula.

Koma manyowa akhale owola bwino, pakuti ndowe zaziwisi ziwotcha mizu. Mulu wa chimato, wa mapesi, masamba a deliya, ndowe ndi phulusa, womatidwa ndi matope, upsa pa miyezi iwiri kapena itatu. Thirani mozungulira pamene pathera mthunzi wa nthambi, osagunditsa kutsinde, lingawole. Pamwamba phimbirani ndi udzu.

Ena adzati ntchitoyi njowawa ndipo phindu lake lichedwa. Nzoona, nthaka siisintha chaka chimodzi. Koma mtengo wa nachesi wosamalidwa ubereka zaka 20 ndi kupitirira, ndipo adzadyapo ndi ana athu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono pa msonkhano wa nthambi ulinkudzawu, aliyense abwere ndi yankho: kwanu mwaumba milu ingati? Ndowe zili m'khola, mapesi ali m'munda, manja tili nawo. Tiyeni tigwire ntchito mvula isanagwe!