Khansa ya m'Bere: Chopulumutsa Moyo ndi Kufika Msanga Kuchipatala

Amayi ambiri akamva kachotupa m'bere amakhala chete, pakuti amaopa mpeni wa dotolo. Manthawo ali ndi gwero lake. M'chaka cha 1894 dotolo wa ku Baltimore, William Halsted, adafalitsa njira yake yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa ndi anabere a m'khwapa. Kwa zaka zoposa 70 madotolo ambiri adakhulupirira kuti wodula kwambiri ndiye wochiritsa kwambiri.

Tsono kudabwera dotolo wina wa ku Pittsburgh, Bernard Fisher, amene adakana kulandira mwambowo popanda kuuyesa. M'chaka cha 1971 iye ndi anzake adayamba kafukufuku pa amayi pafupifupi 1,700, amene adagawidwa mwa maere, ena kulandira opareshoni ya Halsted, ena opareshoni yocheperapo. Patapita zaka 25 panalibe kusiyana pa kutalika kwa moyo wawo. Kafukufuku wachiwiri, woyamba mu 1976, adaonetsa kuti ngati chotupa chili chaching'ono, kuchotsa chotupacho chokha ndi kuthira cheza champhamvu cha makina pa bere lotsalalo kusunga moyo monga momwe kuchotsa bere lonse kuchitira. Ku Milan nakonso, Umberto Veronesi adapeza zofananazo mu 1981.

Chifukwa chake n'chakuti chimene chipha munthu ndi mbewu za nthendayi zimene zayenda m'magazi kunka ku mafupa, m'mapapo ndi m'chiwindi. Mbewu zoterezi mpeni sungazifikire, zifuna mankhwala. Ndiponso khansa ya m'bere si yamtundu umodzi. Yambiri imakula ndi mphamvu ya mahomoni a chikazi, ndipo akatswiri a ku Oxford adaonetsa mu 2011 kuti mayi wa khansa yamtunduwu akamwa tamoxifen tsiku ndi tsiku kwa zaka 5, imfa zimachepa ndi limodzi la magawo atatu. Kwa mtundu wina mankhwalawa sathandiza. N'chifukwa chake kanyama ka chotupa kayenera kupimidwa chithandizo chisanasankhidwe.

Nanga kwathu kuno? Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 adatsata amayi oposa 2,000 a ku Zambia, Uganda, Namibia, Nigeria ndi South Africa. Patatha zaka zitatu, theka lokha ndilo linali ndi moyo. Zifukwa zazikulu zinali kufika kuchipatala nthenda itakula kale, ndi kusalandira chithandizo chokwanira. Pomwe m'maiko olemera, mwa amayi 10 alionse, pafupifupi 9 amapyola zaka zisanu.

Ena adzati njira yosunga bere ifuna makina amene sapezeka m'zipatala zathu zambiri. Izi n'zoona ndithu, ndipo sitifuna kulonjeza munthu chimene dotolo wake sangathe kumpatsa. Kumene makinawo kulibe, kuchotsa bere ndiyo njira yoyenera, ndipo ya masiku ano siwononga minofu ya pachifuwa monga ija ya Halsted. Koma ngakhale makina akhalepo, mayi wofika bere litasanduka chilonda alibe mwayi wosankha. Mwayiwo uli ndi wofika msanga.

Bungwe la World Health Organization lidaika zolinga zitatu: kuti odwala 60 mwa 100 alionse apezeke nthenda ikali poyambira, kuti kupima konse kuthe m'masiku 60, ndi kuti 80 mwa 100 amalize chithandizo. Cholinga chachiwiri ndi ntchito ya Boma ndi zipatala. Choyamba ndi chachitatu zili m'manja mwa ife tomwe.

Inu aphunzitsi ndi inu a m'maofesi a Boma, anthu a kumudzi amabwera kwa inu ndi makalata awo ndi mafunso awo, ndipo mawu anu amawamvera. Auzeni kuti zotupa zambiri za m'bere si khansa, koma kuti wodziwa ndi wopima yekha. Kuti chotupa chosapweteka sichiyenera kunyozedwa. Ndi kuti woyamba mankhwala asawasiyire panjira. Amuna apereke ndalama ya ulendo mosanyinyirika. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mlongo wanu akakuuzani lero kuti wamva kachotupa, mperekezeni kuchipatala sabata lomwelino.